Akazi si obwera pakati pa okonda nkhani zopeka za sayansi

Mu Ogasiti 2015, okonda nkhani zopeka za sayansi anasonkhana mumzinda wa Spokane ku America pa msonkhano wawo wapachaka wotchedwa Worldcon, ndipo itakwana nthawi yopereka mphotho za Hugo, zomwe ndi zolemekezeka kwambiri pakati pawo, ovota anakana kupereka mphotho m'magawo asanu. Gwero la mkanganowo linali magulu awiri odzitcha Sad Puppies ndi Rabid Puppies, amene anamemana kuti adzaze mndandanda wa opikisana ndi olemba akumtima kwawo, podandaula kuti mphothozi zinasiya kulemekeza nkhani zokoma n'kuyamba kutsata ndale za masiku ano. Si onse a m'magulu amenewa amene ankadana ndi akazi, ndipo chaka chotsatira gulu la Sad Puppies linatsogoleredwa ndi akazi ndithu. Komabe pansi pa phokoso lonselo pankamveka ganizo lina limene linalipo mkanganowo usanabuke ndipo likadalipo mpaka lero, lakuti nyumba imeneyi anaimanga ndi amuna, akazi ndi obwera amene alowamo dzulodzuloli atapeza denga lafoleredwa kale. Ganizo lomweli ndi limene limachititsa kuti mtsikana wovala malaya a filimu ya zamumlengalenga apanikizidwe ndi mafunso ngati ali pamayeso, kuti aonetse ngati amaikondadi filimuyo, pamene mnyamata wovala malaya omwewo safunsidwa kanthu. Ine ndikulikana ganizo limeneli chifukwa umboni umene ulipo ukulitsutsa. Akazi analipo kuyambira pachiyambi, anagwira ntchito imene inachititsa kuti magulu amenewa aime ndi kukula, ndipo anasowa m'mabuku a mbiri chifukwa olemba mbiriyo ankawerenga mikangano ndi maudindo, thukuta la ogwira ntchito osaliwerengera.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyenera kudziwa kaye mmene magulu amenewa anayambira. Mu 1926, Hugo Gernsback anayambitsa ku New York magazini yotchedwa Amazing Stories, ndipo posakhalitsa anayamba kusindikiza makalata a owerenga pamodzi ndi maadiresi awo. Owerengawo anayamba kulemberana okhaokha, kenako kukumana m'nyumba ndi kukhazikitsa makalabu, ndipo pofika 1930 anali atayamba kutulutsa timagazini tawotawo timene amatitcha fanzine. Msonkhano woyamba wa Worldcon unachitikira ku New York mu 1939 ndipo kunafika anthu pafupifupi 200. Zonsezi sizinali za kampani kapena za boma, ndipo panalibe wolandira malipiro. Kamagazini kankafuna munthu wotaipa pa sitensulo, wopukusa makina osindikizira ngati aja ankasindikizira mayeso m'masukulu mwathu kale, wosanja masamba, womata masitampu ndi woyankha makalata. Msonkhano unkafuna wokambirana ndi eni hotela, wosunga ndalama ndi wolandira anthu pakhomo. Gulu lotere limapuma chifukwa cha ntchito zimenezi, choncho amene akufuna kudziwa eni ake a gululo ayenera kufunsa kuti ankagwira ntchitozi ndani.

Tikafunsa funso limeneli pa msonkhano woyamba uja wa 1939, dzina limene limatuluka ndi la Myrtle R. Douglas wa ku Los Angeles, amene anzake ankamudziwa ndi dzina lakuti Morojo. Iye ndi Forrest J Ackerman anafika ku New York atavala zovala zoyerekeza za anthu a m'tsogolo, ndipo anali oyamba kuchita zimenezi pa msonkhano wotere. Lero mwambo wovala ngati anthu a m'nkhani ndi m'mafilimu wafalikira dziko lonse, ndipo pali anthu amene amapeza nawo ndalama. Kwa zaka zambiri wotchulidwa monga woyambitsa mwambowu anali Ackerman, pamene amene analingalira maonekedwe a zovala zonse ziwiri n'kuzisoka anali Morojo. Mayi yemweyu ankatulutsira limodzi ndi Ackerman kamagazini kodziwika kwambiri nthawi imeneyo kotchedwa Voice of the Imagi-Nation, komanso anali ndi kake kolimbikitsa chinenero cha Esperanto. Wina anavala chovala n'kujambulidwa, wina anasoka n'kuiwalika, ndipo zimenezi zakhala zikubwerezedwa m'mbiri yonse ya magulu amenewa.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo yoyamba ndi yamphamvu ndithu. Iwo amati m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 akazi anali ochepa kwambiri, moti aliyense woona zithunzi za misonkhano ya nthawiyo amaona anyamata ovala masuti okhaokha ndi akazi owerengeka chabe. Izi n'zoona ndipo palibe chifukwa chozibisira. Koma kuchepa si kusowa, ndipo tiyenera kufunsanso chimene chinkawachepetsa. Mu 1938 ndi 1939, Isaac Asimov, amene anadzakhala wolemba wotchuka wa nkhanizi, akadali mnyamata wosakwana zaka 20, analemba makalata m'magazini ya Astounding ogwirizana ndi owerenga amene ankafuna kuti akazi ndi zachikondi zichotsedwe m'nkhani za sayansi. Wowerenga wina wamkazi, Mary Byers, anayankha m'magazini yomweyo kuti vuto silinali akazi koma olemba amene sankadziwa kuwapatsa mbali yomveka m'nkhani. Kalata imeneyi ikutiuza zinthu ziwiri pakamodzi: kuti mkazi wowerenga ndi wotsutsa analipo kale mu 1938, komanso kuti ankalowa m'bwalo limene ena ankanena poyera kuti sakumufuna. Munthu amene wauzidwa pakhomo kuti sakufunika, koma n'kulowabe ndi kukhalabe, waonetsa chikondi chachikulu pa chinthucho kuposa amene anangolandiridwa ndi manja awiri. Nalo gulu lotchuka la Futurians la ku New York linali ndi akazi monga Judith Merril, amene pambuyo pake anakhala mkonzi wa mabuku osonkhanitsa nkhani zabwino za chaka chilichonse, ndi Virginia Kidd, amene anadzakhala woimira olemba akuluakulu monga Ursula K. Le Guin ndi Anne McCaffrey pa malonda a mabuku awo.

Kuwonjezera apo, kuwerenga kwenikweniko n'kokayikitsa, chifukwa magulu amenewa ankadziwana kudzera m'makalata, ndipo dzina la pakalata silionetsa nkhope. Chitsanzo chodziwika ndi cha Lee Hoffman wa ku Savannah m'chigawo cha Georgia, amene mu 1950, ali ndi zaka 18, anayambitsa kamagazini kotchedwa Quandry, kamene kanakhala pakati penipeni pa macheza a okonda nkhanizi m'zaka zimenezo. Owerenga ambiri ankangoganiza kuti Lee ndi mwamuna, mpaka pamene anatulukira pa msonkhano wa Worldcon ku New Orleans mu 1951 anthu n'kudabwa kuona mtsikana. Iye anadziwika chifukwa anapita kumsonkhano. Amene ankasaina makalata ndi zilembo zoyambirira za mayina awo n'kukhala kwawo anawerengedwa ngati amuna popanda wofunsa. Ngakhale kumbali ya olemba nkhani, kumene anthu ankati kunalibe akazi, wofufuza Eric Leif Davin atasanthula magazini akale anapeza akazi 203 amene anasindikizitsa nkhani pafupifupi 1,000 pakati pa 1926 ndi 1960. Motero mawu akuti kunalibe akazi kawirikawiri amangotanthauza kuti palibe amene anawawerenga.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti akazi amene analipowo anali akazi a eni ake kapena zibwenzi zawo, obwera ndi amuna awo n'kumangothandizira. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna kukhalitsapo pang'ono. Choyamba, mfundoyi imagwa ikakumana ndi mayina enieni. Julian May anatsogolera msonkhano wa Worldcon wa ku Chicago mu 1952 ali ndi zaka 21, ndipo anali mkazi woyamba kukhala wapampando wa msonkhano umenewu. Ella Parker anatsogolera wa ku London mu 1965, ndipo pa msonkhano womwewo mphotho ya Hugo ya kamagazini kopambana inapita kwa Yandro, kamene anthu amakatchula ngati ka Buck ndi Juanita Coulson, pamene anakayambitsa ndi Juanita mu 1953 asanakwatiwe n'komwe. Bjo Trimble ndi amene anakhazikitsa mwambo wa chionetsero cha zojambula pa Worldcon mu 1960 ku Pittsburgh, mwambo umene ukuchitikabe. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, mawu akuti kuthandizira amabisa chigamulo cha ntchito imene ili yofunika ndi imene ili yosafunika. Aliyense amene anagonapo pamaliro kumudzi akuzidziwa izi. Amayi ndi amene amachezera m'nyumba ya siwa akuimba usiku wonse, kutunga madzi, kuthyola nkhuni ndi kuphikira khamu la anthu, koma ikafika nthawi ya zolankhula, otchulidwa mayina ndi maudindo ndi amfumu, abusa ndi oimira mabungwe, amayiwo n'kuthokozedwa ndi chiganizo chimodzi monga gulu lopanda mayina. Munthu wodzalemba mbiri ya malirowo potsata ndondomeko ya olankhula sadzanama pa chilichonse, komabe mbiri yake idzakhala yopotoka, chifukwa mwambo wonsewo unatsamira pa anthu amene iye sanawalembe. Ndi mmenenso zinakhalira ndi otaipa, osoka ndi osunga ndalama a magulu okonda nkhani za sayansi.

Mfundo yachitatu ndi imene imanenedwa kawirikawiri ndi anthu odziwa mbiriyi bwino. Iwo amavomereza kuti akazi anachuluka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma amati anabwera ndi sewero la pa wailesi ya kanema la Star Trek, ndipo okonda za pakanema si amodzi ndi okonda mabuku, choncho mbiri yawo ndi ina. Kusiyana kunalipodi, ndipo magulu awiriwa m'kupita kwa nthawi anayamba kuchita misonkhano yosiyana. Koma tiyeni tione kumene zinthu zinayambira. Gene Roddenberry, amene anayambitsa Star Trek, anaonetsa sewerolo kwa okonda nkhani za sayansi pa Worldcon ya ku Cleveland mu 1966, lisanayambe kuonetsedwa ku America. Ovota a Hugo analipatsa mphotho mu 1967 ndi mu 1968. Kamagazini koyamba ka Star Trek, Spockanalia, anakatulutsa ndi Devra Langsam ndi Sherna Comerford mu 1967, potsata luso lomwe lija la sitensulo ndi masitampu limene analiphunzira m'magulu akalewo. Pamene kanema wa NBC ankafuna kuthetsa sewerolo litangoonetsedwa zaka ziwiri, Bjo Trimble ndi mwamuna wake John anamema anthu kuti alembe makalata, pogwiritsa ntchito maadiresi a okonda nkhani za sayansi, ndipo anapereka malangizo osamala: kulemba mwaulemu, aliyense m'mawu akeake, ndiponso osalemba dzina la sewerolo pa envulopu kuopa kuti kalatayo ingapititsidwe kwa opanga sewero m'malo mwa akuluakulu a kanemayo. Sewerolo linapitirira chaka chachitatu n'kukwanitsa magawo 79, okwanira kuti makanema ena azilionetsa mobwereza, ndipo kubwerezako ndi kumene kunalitchukitsa.

Mu Januwale 1972, komiti imene munali Joan Winston ndi Devra Langsam inakonza msonkhano wa okonda Star Trek ku New York, ikuyembekezera anthu pafupifupi 500, koma kunafika oposa 3,000, chiwerengero chimene Worldcon inali isanachifikepo. Misonkhano ikuluikulu ya masiku ano, kumene anthu amapita kukaona ochita masewero, kugula zinthu ndi kuvala ngati anthu a m'nkhani, mizu yake yambiri ili pamenepa. Choncho kunena kuti akazi amenewa sali m'mbiri ya okonda nkhani za sayansi kuli ngati kusuntha malire a munda mbewu zitamera kale, kuti mbali imene yabereka kwambiri ikhale kunja. Ndikuona kuti malirewo anasunthidwa pa nthawi imene akazi anachuluka, ndipo zimene ankalemba, makamaka nkhani zopitiriza miyoyo ya anthu a m'sewerolo, zinayamba kunyozedwa ngati zachibwana. Nkhani zina zinalidi zofooka, monga zilili zolemba zambiri za ongoyamba kumene, koma timagazini ta anyamata a m'ma 1930 natonso tinali todzaza ndi zofooka, ndipo palibe amene anatichotsa m'mbiri pa chifukwa chimenecho.

Pali ena amene amati zonsezi ndi kukonza mbiri kuti igwirizane ndi ndale za lero, ndiponso kuti ndi kunamizira olemba mbiri akale amene analibe cholinga choipa. Ndikugwirizana nawo kuti panalibe chiwembu. Sam Moskowitz, amene buku lake la 1954 lotchedwa The Immortal Storm ndi limodzi mwa magwero akuluakulu a mbiri ya zaka zoyambirira, analemba zimene anaziona ndi zimene zinkamukhudza mtima. Iye anali wapampando wa msonkhano wa 1939 ndipo anali m'gulu limene linaletsa mamembala asanu ndi mmodzi a Futurians kulowa mumsonkhanowo, choncho n'zosadabwitsa kuti buku lake ladzaza ndi mikangano ya anyamata olimbirana utsogoleri. Vuto ndi lakuti olemba otsatira anatengera muyeso womwewo, wakuti mbiri ndi ya amene anakangana, amene anagawa gulu ndi amene analankhula pagome lapamwamba. Kuiwala kotere sikufuna chidani kuti kuchitike, kumangofuna chizolowezi, ndipo n'chifukwa chake kumachitika mofulumira modabwitsa. M'zaka za m'ma 1970 akazi anachita zambiri zoonekeratu: Susan Wood analandira mphotho za Hugo monga mkonzi wa kamagazini ndi wolemba ndemanga, ndipo mu 1976 anakonza zokambirana za akazi ndi nkhani za sayansi pa Worldcon ya ku Kansas City; Janice Bogstad ndi Jeanne Gomoll ankatulutsa kamagazini kotchedwa Janus; ndipo mu 1977 ku Madison kunayamba msonkhano wa WisCon woika patsogolo nkhani za akazi. Koma pofika 1987, Gomoll analemba kalata yapoyera kwa wolemba Joanna Russ yodandaula kuti zaka zimenezo zayamba kale kufotokozedwa ngati nthawi yogwetsa ulesi imene sipanachitike kanthu, ndipo okumbutsa zakale pamisonkhano sankatchula n'komwe zimene akazi anachita. Apa n'kuti patangopita zaka khumi, eni akewo ali moyo ndipo akumvetsera. Amene amafukula mayina amenewa sapeka kanthu, chifukwa mayinawo ali pa timagazini, pa makalata ndi pa ndondomeko za misonkhano zimene zasungidwa m'malaibulale a mayunivesite monga ya Iowa ndi ya California ku Riverside, ndiponso ku Toronto kumene Judith Merril anapereka mabuku ake mu 1970.

Mfundo yotsiriza imene ndimaimva ndi yakuti nkhondoyi inatha kale, popeza masiku ano akazi akulandira mphotho zambiri, monga N. K. Jemisin amene anapambana Hugo ya buku lopambana zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2016 mpaka 2018. Kupambana kumeneku n'kosangalatsa, koma sikuchiza vuto limene ndikunena, ndipo nthawi zina kumalikulitsa, chifukwa munthu amene amakhulupirira kuti akazi afika dzulo amaona mphotho zimenezi ngati kulandidwa kwa chuma cha makolo ake. Mkwiyo wa 2015 unamera pa nthaka imeneyi. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo amene waikidwa m'gulu la alendo amayembekezeredwa kukhala mwaulemu, kusasintha kanthu m'nyumba ndi kuchoka dzuwa likakwera. Mwini nyumba yekha ndi amene ali ndi ufulu wonena kuti mpando uwu usunthe. Pachifukwa ichi, funso lakuti ndani analipo pachiyambi limakhudza ndani ali ndi mawu lero. Akazi okonda kulemba nkhani zopitiriza anazindikira zimenezi, ndipo mu 2007 gulu limene munali Naomi Novik ndi Francesca Coppa linakhazikitsa bungwe la Organization for Transformative Works kuti asunge okha zolemba ndi mbiri yawo, osadalira makampani amene angazifufute tsiku lililonse. Nkhokwe yawo ya pa intaneti, Archive of Our Own, imene amaiyendetsa ndi anthu ongodzipereka, inalandira mphotho ya Hugo ku Dublin mu 2019, kuchokera ku msonkhano womwe uja umene ena ankati ntchito yotereyi si yake.

Morojo sanaone chilichonse mwa zimenezi. Anasiyana ndi Ackerman m'zaka za m'ma 1940, ndipo anamwalira mu 1964. Mu 2016, pa Worldcon ya ku Kansas City, bungwe la osoka zovala za pamisonkhano la International Costumers' Guild linamulemekeza monga mayi wa mwambo umenewu, patapita zaka 77 kuchokera pamene anasoka zovala ziwiri zija ndi zaka 52 iye ali m'manda.